Adokotala a Dazi Atasamuka

Achemwali anga anamva kwa mlonda wa pageti kuti dokotala wawo wasamuka. Nambala ya foni anatilembetsa kanayi konse pachipatala chimenecho, koma palibe anaimba. Tinali titangotsika basi, iwo atagwira mkono wanga, ndiye mlondayo potitsegulira anati, "Lero muonana ndi ena, amayi. A Dazi aja anapita sabata yatha, anawatumiza kuchipatala chachikulu cha kutali uko." Ananena ngati akutiuza kuti kukubwera mvula. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwira.

Koma ndiyambe ndakuuzani za munthuyo. Achemwali ndi telala. Asoka zaka makumi atatu m'kachipinda kamodzi koyang'ana kumsewu, pakati pa wometa ndi wokonza mafoni. Muli mashini opalasa ndi phazi, tebulo lodulira lodyeka m'mbali, simbi, galasi long'aluka pakona, ndi chingwe chopachikapo zimene zatha. Dera lonse limawatcha a Bwerani Mawa, chifukwa palibe anatengapo diresi tsiku limene anauzidwa. Anthu amanyanyala, amalumbira kuti sadzapondanso, koma ukwati ukayandikira uwaone akulowa nsalu ili kukhwapa, akumwetulira ngati sanalumbire. Amadziwa kuti chosoka achemwali chimakhala pathupi ngati unabadwa nacho.

Alamu anga anamwalira mwana wawo asanayambe sukulu, ndipo mashini omwewo ndi amene anamulera mpaka lero ndi mphunzitsi. Ine ndine mng'ono wawo. Ndimagulitsa masamba ndi tomato kumsika, ndipo achemwali amanditcha Wailesi. Sindikana, pakamwa ndi pamene ndimadyera.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kali ndi malamulo awiri. Miyeso salemba. Akuzunguliza tepi kamodzi, m'chiuno, pachifuwa, m'mapewa, basi zalowa m'mutu. Ubwere patapita zaka zisanu, angokuyang'ana n'kuti, "Mwaonjezera zala ziwiri m'chiuno, koma phewa lakumanzere likadali lotsika." Lamulo lina ndi loti chovala chodula wina sachigwira. Ubweretse nsalu yodulidwa kale, ngakhale ulire, akubwezera. Amati, "Wodulayo ndi amene akudziwa pamene anasiya malo ndi pamene anapanikiza. Ine ndikalowererapo ndikuonongerani. Bwererani kwa amene anayamba."

Chotupa anachipeza okha m'bere lakumanja, ndipo anachibisa miyezi iwiri. Ndinazindikira nditaona akunyamula simbi ndi dzanja lamanzere. Ndinawakokera kuchipatala akukana njira yonse. Atawapima, atadulako kanyama kukaunika, anatiuza kuti ndi khansa, n'kutitumiza kwa katswiri wake. Anali bambo wamtali, wolankhula pang'onopang'ono, wadazi lowala ngati poto watsopano. Odwala onse ankangoti a Dazi. Anatenga pepala n'kujambula timabokosi tisanu ndi kamodzi. Kabokosi kalikonse kanali tsiku la mankhwala a m'dilipi, pakati pake masabata atatu. Chotupa chikaphwa, opaleshoni.

"Chinthu chimodzi chokha, amayi," anatero. "Musalumphitse. Matendawa akapeza mpata amathamanga."

Tsiku loyamba achemwali anatsala pang'ono kutisiya. Dilipi itangoyenda pang'ono nkhope inatupa, mpweya unabanika, maso anatuzuka. Ine ndinakuwa mpaka a m'chipinda china anatuluka. Anamwino anathamanga, a Dazi anabwera, anawatsitsimutsa. Ulendo wachiwiri anayamba awabaya jakisoni ndi kuwamwetsa mapiritsi, kenako dilipi inkadontha pang'onopang'ono tsiku lonse. Zinayenda bwino. Tsitsi litathothoka, achemwali anavula duku m'chipinda cha adokotala n'kunena kuti, "Adokotala, tsopano tafanana." Bambo uja anaseka mpaka kupukuta misozi. Kuyambira pamenepo achemwali ankati "dokotala wanga" monga anthu amanenera kuti telala wanga. Atalandira kachitatu chotupa chinali chitachepa, ngakhale ine ndinachimva ndi zala zanga.

Ndiye lija linali tsiku lachinayi, tsiku la uthenga wa mlonda. Tinakhala pabenchi mpaka dzina linaitanidwa. Pampando wa a Dazi panali adokotala ena, amayi a magalasi, maso ali pa kompyuta. Moni anapereka kwa kompyuta yomweyo.

"Adokotala," anatero achemwali, "kodi mukudziwa zimene zinandichitikira tsiku loyamba?"

A magalasi aja anayendetsa chala. "Apa palembedwa kuti mwalandira katatu. Magazi ali bwino. Pitani kuchipinda cha dilipi."

"Za kubanika zija palibe?"

"Mwina zili mu fayilo ya pepala. Sinafike kuno, akuifunafuna."

Abale inu, munthu anatsala pang'ono kufera pampando wawo womwewo, ndipo nkhaniyo inali "mwina". Ine ndikagulitsa tomato wophwanyika ndimamuuza wogulayo. Awa anasintha munthu wogwira moyo wa mnzawo osanena, fayilo osaipeza, kenako n'kumati pitani mukatambasule mkono.

M'chipinda cha dilipi munali anamwino amene tinkangoti Aafupi, amene ankapeza mtsempha wa achemwali pamene ena alephera. Anakoka mpando, koma achemwali anapinda manja pachifuwa.

"Khalani pansi, amayi," anatero Aafupi. "Ine ndinalipo tsiku lija. Ndikudziwa mmene timachitira ndi inu."

Apa ndi pamene ine Wailesi ndinatsegulira. Ndinawafunsa ngati iwo ndi dokotala. Ndinawafunsa ngati achemwali anga ndi mbuzi yophunzirirapo kubaya. Ndinawasambitsa chokweza pamaso pa odwala onse, ena madilipi ali m'mikono akundiyang'ana. Aafupi anangotitsatira mpaka pakhomo n'kunena motsitsa kuti, "Chonde musakhalitse. Kaya kuno kaya uko, musakhalitse." Ine ndinangotsonya, n'kuwatulutsa achemwali.



Loweruka lake mwana wawo, mphunzitsi uja, anabwera, ndipo tinakhala m'kachipinda kosokera, chitseko titatseka. Iye anakhala pa tebulo lodulira, ine pampando wa makasitomala, achemwali pamashini, phazi lili pachopalasira ngakhale sankasoka.

"Amayi, mankhwala ndi omwewo," anatero. "A Dazi sanapite nawo m'thumba. Kuno ndi pafupi, mukamaliza mumagona pabedi panu. Kuwatsatira kuchipatala chachikulu uko ndi basi ya tsiku lathunthu, simudziwako aliyense kupatula msuweni wanu uja. Bwererani Lolemba mukalandire."

"Akabanika iweyo ukhala uli m'kalasi," ndinamuyankha. "Ndinawaona ndine maso atatembenuka. Amayi ako akawapha ndi kompyuta, udzabwera ndi choko kudzawadzutsa?"

"Amayi aang'ono, inu mumakonda kukolezera."

"Ndiwe mwana, ndinakusintha matewera."

Achemwali anatisiya tikukangana mpaka tinatopa. Kenako anatenga nsalu yodulidwa imene inali pambali, thupi la bulauzi lopanda manja, n'kuitambasula pamiyendo.

"Iyi ukaipereka kwa telala wina," anatero kwa mwana wawo, "aona nsalu basi. Sadziwa kuti mwini wake ali ndi nsana wopindika, sadziwa kuti apa ndasiya dala. Zimenezo zili muno." Anagogoda pamutu pawo popanda tsitsi. "Zanga zili m'mutu mwa a Dazi. Anandiyamba ndi iwo, andimalize ndi iwo."

Mwana anayang'ana kudenga. Ine ndinaomba m'manja, ndithu ndinaomba.

Koma chipatala chachikulu sichilandira munthu wopanda kalata yomutumiza ndi fayilo yake. Lolemba tinapita pawindo la akalaliki. Kalaliki anati fayilo sinapezeke, tibwere mawa. Mawa lake anati yapezeka theka, zotsatira za kanyama kaja zili kwina. Tsiku lina anati kalata yalembedwa koma wosaina ali kumsonkhano. Atabwera kumsonkhano, chidindo chinali chokhomeredwa m'kabati, ndipo wa makiyi anali patchuthi. Sindikuonjezera mchere ayi. Ndinkasiya masamba anga akufota kumsika, n'kukaima pawindo limenelo, kuyang'ana munthu akumwa tiyi kuseri kwa galasi.

"Bwerani mawa."

Ulendo wachisanu achemwali anaseka mpaka kutsokomola. "Wailesi, akundibwezera. Zaka makumi atatu ndikuuza anthu mawu omwewa."

Ine sindinaseke. Diresi likachedwa mkwatibwi amabwereka lina, ukwati n'kuchitika. Apa chinkachedwa ndi chinthu chimene katswiri wawo yemwe anati chisalumphe ngakhale kamodzi. Ndinamuuza kalalikiyo zimenezo, ndinamuuza kuti tsiku lina mayi ake adzaima pawindo lomweli. Anatseka kawindo. Fayilo yotsalayo inadzapezeka m'katoni pansi pa tebulo m'chipinda chakale cha a Dazi, pamodzi ndi za anthu ena. Wosesa ndi amene anaipeza. Panali patapita masabata atatu.

M'masabata amenewo Aafupi anationa kawiri tikudutsa m'khonde. Kachiwiriko anaima. "Amayi, podikira kalatapo bwanji mulandireko wachinayi kuno? Uko mukapitiriza wachisanu." Achemwali anandiyang'ana. Ine ndinati tikalandira kuno kalata sadzatipatsanso, ndi njira yawo yotigwirira. Ndinawakoka mkono, tinapitirira.

Kushopu achemwali anachita chinthu chimene sindinawaonepo. Anadziwa kuti akapita akhalitsa, ndipo panali zovala zodulidwa zosasoka zoposa khumi. Anadula timapepala pa katoni ya sopo, natenga pensulo. Sukulu anaisiyira panjira, amalemba movutika, lilime lili kunja. Koma pa chovala chilichonse analemba zonse: chiuno, chifuwa, kutalika kwa mkono, kuti uyu sakonda chothina pakhosi, kuti uyu ndi woyembekezera musiye malo kutsogolo. Kapepala kalikonse anakabaya ndi pini pansalu yake, n'kuitana eni ake mmodzimmodzi.

"Ndikupita kukalandira mankhwala. Tengani, mupite nayo kwa telala wa kuseri kwa msika. Zonse ndalemba, sasochera."

Ndinaima pakhomo ndikuona. Mayi wosamaliza sukulu anadziwa kuti sungachoke osasiya mawu pa ntchito ya munthu. Chipatala chonse chija, ndi makompyuta ake, ndi anthu a madigiri, chinalephera zimene telala anachita ndi katoni ya sopo.

Kalata itatuluka tinakwera basi, ndipo ulendo unali wowawa. Achemwali anasanza kawiri, wokhala naye pampando anasamuka. Msuweni wathu anatilandira m'nyumba yake ya zipinda ziwiri, ana ake n'kusamukira pabalaza. M'mawa mwake tinapita kuchipatala chachikulu, chanyumba zosanja, makonde ofanana onse, mizere yopenta pansi yoti uzitsatira. Ndinkaganiza kuti tikangotchula a Dazi zitseko zitseguka. Anatipatsa khadi latsopano, nambala yatsopano, anawatenganso magazi, anawajambulanso, kenako mayi wa pawindo anati katswiri ali ndi mzere wautali, tsiku lathu ndi pakatha masabata awiri.

"Koma ndi wodwala wawo," ndinatero. "Amawadziwa. Tangowauzani kuti telala uja wabwera."

"Onsewa ndi odwala awo, mayi," anatero akuloza mabenchi odzaza mpaka pakhomo.

Masabata awiri amenewo achemwali anakhala pakhonde pa msuweni akusoka pamanja mayunifolomu ong'ambika a ana. Sankadandaula. Koma ndinawaona kangapo akulowetsa dzanja kukhwapa, akaona kuti ndikuyang'ana n'kulitulutsa msanga. Ndikafunsa ankati ndi thukuta likuyabwa.

Tsiku litakwana anavala diresi lawo labuluu, lodzisokera okha, ndi duku latsopano. Tinalowa cha kumasana. Anali a Dazi omwewo, koma ataonda, maso ofiira, mafayilo ataunjikana mpaka m'chigongono. Achemwali anamwetulira nkhope yonse.

"Adokotala, ndakutsatirani."

"Takulandirani, amayi. Khalani. Mundikumbutse dzina."

Achemwali anatchula. A Dazi anafufuza pamulu paja. Achemwali anadikira pang'ono, kenako anamasula duku n'kuonetsa mutu, pamene timatsitsi tinali titayamba kumera.

"Ndine uja tinafanana."

Bambo uja anamwetulira mwaulemu, mmene umachitira ndi munthu wokupatsa moni pamsewu usakumudziwa. Sanakumbuke. Ndinaona dzanja la achemwali likubweza duku pang'onopang'ono, likulephera kumanga mfundo.

Atatsegula fayilo nkhope yawo inasintha. Anawerenga masiku ndi cholembera, anawerenganso. "Wachitatu munalandira masabata asanu ndi atatu apitawo. Chinachitika n'chiyani?"

Ine ndinayamba, za mlonda, za kompyuta, za chidindo. Ananditukulira dzanja. Anawauza achemwali agone pabedi, anapima bere, anapima kukhwapa, anayang'ana zithunzi zatsopano nthawi yaitali. Kenako anakhala pansi n'kupukuta dazi lija ndi chikhatho.

"Chotupa chakula kuposa pamene tinayambira, ndipo china chatuluka kukhwapa. Atatu aja sitiwawerenganso. Tiyambiranso, ndi mankhwala ena amphamvu. Za opaleshoni tidzaona kutsogolo."

"Ndinkaopa kubanika, adokotala," anatero achemwali. "Uko panalibe wodziwa mmene munkandichitira."

A Dazi anatsegula tsamba lina n'kulitembenuzira kwa ife. Linali lodzaza ndi zolemba zazing'onozing'ono za inki yabuluu: jakisoni wakuti, mapiritsi akuti, madontho angati pa mphindi, mtsempha wa dzanja liti.

"Izi si zolemba zanga. Ndi za anamwino aafupi aja. Ine ndinangosaina. Ndimaona anthu oposa makumi asanu pa tsiku, amayi, sindingasunge m'mutu. Amene ankakudziwani ndi iwowo. Sanakuuzeni?"



Ndinati ndiwakalipire a Dazi, ndipo zifukwa zinalipo. Akanatha kuima mphindi imodzi pa ulendo wachitatu uja n'kunena kuti, amayi, ine ndikuchoka, koma musaope, khalani ndi Aafupi. Mphindi imodzi yokha. Chipatala chija chikanatha kuimba foni. A magalasi akanatha kudzutsa mutu n'kuyang'ana munthu. Kalaliki akanatha kudzuka pampando n'kukasuzumira pansi pa tebulo. Onsewo ndimawakwiyira mpaka lero, ndipo sindidzasiya. Koma amene anatukwana namwino pamaso pa anthu ndine. Amene anakoka mkono wa achemwali m'khonde muja, munthu akutipempha kachiwiri, ndine. Mkwiyo umenewo ndilibe woti ndikamuuze.

A Dazi anatenga pepala latsopano, anajambula timabokosi tina, nalemba tsiku pa koyamba. Anandipatsa ine. Tisanafike pachitseko anali ataitana kale dzina lotsatira.

Panja tinakhala pabenchi ya simenti pafupi ndi pokwerera basi. Dzuwa linali likuswa mtengo. Achemwali anamanga duku bwinobwino, anasalaza diresi pamaondo. Ndinati ndiyambe kupepesa koma anandigwira bondo.

"Tsitsa, Wailesi. Sunandinyamule. Ndinayenda ndi miyendo yanga."

Foni yawo inalira. Anali mwana wawo, ataba nthawi pakati pa maphunziro. Mawu ake ankamveka mpaka kwa ine.

"Amayi, mwaonana nawo?"

"Taonana nawo, mwanangu."

"Anakukumbukirani?"

"Ndikungolowa pakhomo. Anachita kuimirira."

Mwana uja anapuma mwamphamvu, kenako anaseka. "Ndiye munkanena zoona. Pepani amayi, ndinkakuumirizani. Nanga wachinayi akupatsani liti?"

"Lolemba."

"Ndiye kwatsala atatu basi. Mwezi wa mawa wake muli kunyumba."

"Atatu basi," anatero achemwali. "Bwerera m'kalasi, ana akudikira."

Anadula foni n'kuiika m'chikwama. Dzanja lawo linapita kukhwapa, ndipo ulendo uno sanalichotse. Ine ndinayang'ana pepala limene linali m'manja mwanga. Timabokosi tinali tisanu ndi titatu, tonse topanda kanthu.